Tanthauzo ndi Katchulidwe m'Maina a Malo Olembedwa ndi Zilembo za Chitchaina

Cholinga chathu m'nkhani ino ndi kuonetsa kuti dzina la malo lolembedwa ndi zilembo za Chitchaina silingamasuliridwe molondola tisanadziŵe chiyankhulo chimene linachokerako. Chilembo chilichonse chili ndi katchulidwe ndiponso tanthauzo, koma olemba maina nthaŵi zina ankatengapo katchulidwe kokha. Tigaŵa maina aŵa m'magulu atatu.

M'gulu loyamba zilembo zimanena zoona za malowo. Beijing ndi "likulu la kumpoto", Nanjing "likulu la kumwera". Hebei ndi Henan zili kumpoto ndi kumwera kwa mtsinje wa Huang He, pamene Shandong ndi Shanxi zili kuvuma ndi kuzambwe kwa mapiri a Taihang. Chilembo cha 陽 (yang) chimasonyeza mbali yoomba dzuŵa, ndiko kuti kumwera kwa phiri kapena kumpoto kwa mtsinje. Motero Luoyang ali kumpoto kwa mtsinje wa Luo, Hengyang kumwera kwa phiri la Heng.

M'gulu lachiŵiri zilembo zimangoimira katchulidwe ka chiyankhulo china. Ku Guangxi maina ambiri amayamba ndi 那 (na), chilembo chimene m'Chitchaina ndi mau olozera chabe, koma m'chiyankhulo cha Zhuang liu limeneli ndi "munda wa mpunga". Kuyamba kwake kumatiuzanso kanthu: a Zhuang amatsogoza dzina la chinthu, mau ofotokoza n'kutsatira, monga timachitira m'Chicheŵa, pamene Chitchaina chimatsogoza mau ofotokoza. Ku Hokkaido, m'dziko la Japan, maina ngati Noboribetsu ndi Wakkanai amathera ndi 別, "kulekana", ndi 内, "m'kati". Matanthauzo aŵa ndi osokeretsa, pakuti zilembozo zikuimira mau a Ainu akuti pet ndi nay, onena za mtsinje. Maina othera ndi -nai amapezekanso kumpoto kwa chilumba cha Honshu, ndipo ndi umboni wina wakuti chiyankhulocho chinkamveka kumeneko kale.

Gulu lachitatu ndi maina okonzedwa ndi boma. M'chaka cha 713 boma la Japan linalamula kuti maina a malo alembedwe ndi zilembo zabwino, ndipo panakhazikika mwambo wolemba ziŵiriziŵiri. Chigawo cha Ki, cholembedwa 木, "mtengo", chinasanduka 紀伊, tanthauzo n'kubisika. Mu 757 Mfumu Gyeongdeok ya ku Silla, m'dziko la Korea, inasintha maina ambiri kuti afanane ndi a Chitchaina. Mu 2005 mzinda wa Seoul unasiya zilembo zakale za 漢城 n'kusankha 首爾 potsata katchulidwe.

Kwa okonza ndondomeko za ziyankhulo phunziro lake n'lakuti kalembedwe kovomerezeka kangathe kufafaniza mbiri ya anthu. Choncho tisanakhazikitse dzina, tiyenera kulemba katchulidwe ka eni malo, chiyankhulo chimene dzinalo linachokerako, ndi kalembedwe kake kakale.