Masamu a Loweruka ku Cape Town Akusenza Katundu Woposa Msinkhu

Mu Januwale 2025, nduna ya maphunziro a pulayimale ndi sekondale ku South Africa, Mayi Siviwe Gwarube, adalengeza kuti ophunzira 87.3 pa 100 alionse adakhoza mayeso a matiriki, omaliza ku sekondale, a 2024. Chiyambireni dzikolo linali lisanafikepo pamenepo, ndipo nthungululu zidamveka. Koma m'mawu omwewo mudali nambala ina yomwe ambiri sadaitole: ana olembetsa mayeso a masamu adachepa ndi oposa 12,000 poyerekeza ndi chaka cha 2023. Mu Disembala 2024, kafukufuku wa TIMSS, yemwe amayerekeza ana a maiko ambiri pa masamu ndi sayansi, adali ataika ana a Giredi 5 a ku South Africa kumchira kwenikweni. Mapointi awo adatsika kuchoka pa 374 mu 2019 kufika pa 362 mu 2023, chonsecho anawa amapikisana ndi anzawo a Giredi 4 a maiko ena. A Giredi 9 adakwerako pang'ono, kuchoka pa 389 kufika pa 397, koma kutsika kwachitikira kumaziko, kumene nyumba yonse imatsamira.

Chigawo cha Western Cape, chomwe likulu lake ndi Cape Town, chimatchuka kuti sukulu zake zimayenda bwino kuposa za zigawo zambiri. Ndicho chifukwa chake nambala zake n'zofunika kuzisinkhasinkha. Chaka ndi chaka chigawochi chimayesa ana a Giredi 3, 6 ndi 9 mayeso omwe amachongedwa ndi anthu akunja, osati aphunzitsi a anawo. Mu 2019, ana a Giredi 3 okhoza masamu adali 58.1 pa 100 alionse. Mu 2021, mliri wa Covid-19 uli mkati, adatsika kufika pa 44.3. Akatswiri a ku yunivesite ya Stellenbosch, motsogozedwa ndi Pulofesa Servaas van der Berg, adapeza kuti pa masamu ana adataya pafupifupi chaka chathunthu cha maphunziro. Komabe tisasenzetse mliri mlandu wonse. Ku Giredi 9, mliri usanafike ngakhalenso utapita, mwana wopeza theka la malikisi pa masamu wakhala ali mmodzi pa ana asanu, kapena kuposerako pang'ono.

Anayi otsalawo ndiwo amadzaza makalasi apadera a masana ndi a Loweruka ku Khayelitsha, Philippi, Delft ndi Mitchells Plain m'mzinda wa Cape Town, omwe kwathu ku Malawi timati patitaimu. Amene waphunzitsapo kalasi lotere amadziwa zomwe amazipeza tsiku loyamba. Mupatseni mwana wa Giredi 8 samu ya 47 kuchulukitsa ndi 6: amatembenuza pepala n'kuyamba kujambula timizere, kamodzikamodzi, mpaka kusokonezeka pakati. Mupatseni 52 kuchotsera 38, akuyankhani 26, chifukwa wachotsa 2 mu 8, kenako 3 mu 5. Za mateni ndi mawani sadazimvetse ali Giredi 2, ndipo palibe adabwerera naye. Akaphatikiza theka ndi gawo limodzi la magawo atatu, amapeza magawo awiri a asanu, poti waphatikiza zam'mwamba pazokha, zam'munsi pazokha. Mwanayu si mbuli. Ali ndi njira yake yomwe waigwiritsitsa kwa zaka zisanu, ndipo njirayo ndi yolakwika. Lolemba akalowa m'kalasi akamupeza mphunzitsi ali pa aljebura.

Adafika bwanji Giredi 8? Lamulo la kumeneko limati mwana asabwereze koposa kamodzi m'gawo lililonse la maphunziro, ndiye akalephera kachiwiri amangomukweza. Mu Disembala 2016 unduna udafika polola kuti ana a Giredi 7 mpaka 9 omwe akhoza maphunziro ena onse apite patsogolo ngakhale atapeza malikisi 20 okha pa 100 pa masamu. Kubwerezetsa mwana zaka zitatu m'kalasi limodzi si mankhwala, zimenezo n'zoona. Koma kumukweza popanda kumuthandiza pomwe adagwera ndi kusamutsa ngongole kupita kwa mphunzitsi wotsatira, yemwenso silabasi ya CAPS ikumuthamangitsa sabata ndi sabata. Ofufuza Nic Spaull ndi Janeli Kotzé adaonetsa mu 2015 kuti ana a m'sukulu zosauka amakhala atatsalira ndi magiredi atatu pofika Giredi 3, ndipo anayi pofika Giredi 9, powayerekeza ndi ana a m'sukulu zolemera. Masamu ali ngati kumanga ndi njerwa: mzere wapansi ukapotoka, khoma lonse limapendekeka.

Aphunzitsi nawo adadutsa m'sukulu zomwezo. Hamsa Venkat ndi Spaull, poona mayeso omwe aphunzitsi a Giredi 6 adalemba mu 2007, adapeza kuti 79 pa 100 alionse sankafika pa mlingo wa masamu a Giredi 6 ndi 7. Sindikunena izi monyoza aphunzitsi. Lamulo la Bantu Education la 1953, lomwe mwini wake Hendrik Verwoerd sankaona phindu lophunzitsa mwana wakuda masamu, lidaumba mibadwo ya aphunzitsi omwe adaphunzitsa aphunzitsi a lero. Chilonda chotere sichipola ndi chisankho chimodzi.

Pali chilankhulonso. Ana ambiri olankhula Chixhosa amaphunzira m'chilankhulo chawo mpaka Giredi 3, kenako zonse zimatembenukira ku Chingerezi, nthawi yomweyo imene mafulakishoni ndi masamu ankhani akuyamba. Kafukufuku wa PIRLS wa 2021 adapeza kuti ana 81 pa 100 alionse a Giredi 4 sangathe kumva tanthauzo la zomwe akuwerenga m'chilankhulo chilichonse. Ndiye taganizani za mwana wa Mmalawi ku Imizamo Yethu, Masiphumelele kapena Dunoon, m'Cape Town momwemo: kunyumba Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, panjira Chixhosa, m'kalasi Chingerezi kapena Chiafirikaanzi. Bambo ali kumaganyu a m'munda wa maluwa, mayi akubwera usiku kuchokera kunyumba ya abwana. Khoti lalikulu la ku Makhanda lidagamula mu Disembala 2019 kuti mwana wopanda mapepala asakanizidwe sukulu, ndipo chimenecho chidatsegula khomo. Koma kupeza mpando m'kalasi ndi kumva zomwe zikunenedwa n'zosiyana.

Boma la chigawo cha Western Cape silidakhale chete. Kuyambira pakati pa 2022 lidaonjezera maola awiri a kuwerenga ndi ola limodzi la masamu pa sabata m'makalasi oyambirira. Mu Meyi 2023, mkulu wa zamaphunziro m'chigawochi, a David Maynier, adakhazikitsa ndondomeko ya BackOnTrack ya marandi 1.2 biliyoni pa zaka zitatu, yokhala ndi makalasi a Loweruka, maphunziro a patchuthi ndi kusula aphunzitsi, makamaka m'sukulu 333 zosankhidwa. Zotsatira za 2023 ndi 2024 zidakwera, ndipo chimenecho tivomereze poyera. Koma mu Ogasiti 2024 dipatimenti ya maphunziro ya chigawo chomwechi idalengeza kuti ichotsa mipando ya aphunzitsi 2,407 kuyambira Januwale 2025, ponena kuti ikupereweredwa marandi 3.8 biliyoni pa zaka zitatu, poti boma lalikulu lidangopereka 64 peresenti ya ndalama zokwezera malipiro omwe lidagwirizana lokha ndi mabungwe a antchito. Kaya wolakwa ndi boma lalikulu la ku Pretoria kapena la chigawo la ku Cape Town, kwa mwana n'chimodzimodzi: kalasi la Lolemba mpaka Lachisanu ladzaza koposa, ndipo maola ochepa a Loweruka akuyembekezeka kukonza zomwe masiku asanu akuononga. Ngakhale Lowerukalo si lodalirika. Limafuna ndalama ya minibasi, chakudya, ndi msewu wabata; pa sitiraka ya mataxi ya mu Ogasiti 2023, ana oposa 450,000 adajomba kusukulu tsiku limodzi lokha.

Chondidetsa nkhawa kwambiri, komabe, ndi zomwe zimaphunzitsidwa m'mapatitaimu ambiri. Kholo lalipira, ndiye likufuna kuona buku la Giredi 9 lotsegula. Sukulu ikufuna malikisi a teremu ino. Choncho wophunzitsa amabwereza phunziro la sabata ija mokweza mawu, kapena amagawa mapepala a mayeso akale. Mwana wa timizere uja amakopera mayankho mwaukhondo, n'kubwerera kwawo ali chimodzimodzi. Kalasi lothandizadi limayamba ndi kuyesa mwana aliyense payekha kwa mphindi zochepa, kupeza pomwe adasokera, ndi kuika ana m'magulu motengera zomwe akudziwa, osati giredi yawo. Limafuna mphunzitsi wolimba mtima wobwezera mnyamata wa zaka 15 ku timitengo tomanga m'mitolo ya khumi ndi zitsekerero za mabotolo popanda kumuchititsa manyazi, chifukwa wa msinkhu umenewo akasekedwa kamodzi sabweranso. Limafunanso kudekha, pakuti zaka zinayi zotayika sizibwerera m'teremu imodzi.

Njira imeneyi si yachilendo kwa ife. Idayambira ku India ndi bungwe la Pratham, ndipo anzathu a ku Zambia adaitenga mu 2016 m'dzina la Catch Up, kuyesera m'sukulu 80 za m'maboma a Chipata, Katete, Monze ndi Pemba isanafalikire m'zigawo zina. Ana a Giredi 3 mpaka 5 amakhala ola limodzi m'magulu a mlingo wawo, ndipo owaphunzitsa ndi aphunzitsi a boma omwewo. Ku Cape Town kulinso oyesetsa: IkamvaYouth, yomwe idayambira ku Makhaza m'Khayelitsha mu 2003, imaphunzitsa ana m'timagulu ting'onoting'ono ndi anthu ongodzipereka; sukulu za LEAP, zomwe John Gilmour adayambitsa mu 2004 ndi ana a ku Langa, zimaonjezera maola a masamu ndi sayansi. Ntchito yawo ndi yotamandika, koma ambiri amakumana ndi mwana ali kale ku sekondale, ndipo amafikira ochepa.

Mapeto a zonsezi amaonekera pa pepala limodzi kumapeto kwa Giredi 9, pamene mwana amasankha pakati pa masamu enieni ndi Mathematical Literacy, phunziro la kuwerengera za tsiku ndi tsiku lomwe lidayamba mu 2006. Phunziroli si lachabe, koma wolitenga sangakaphunzire uinjiniya kapena udokotala ku University of Cape Town kapena ku Stellenbosch. Sukulu yofuna kuteteza mbiri yake ya matiriki imakankhira ana ofooka kumeneko, chiwerengero cha okhoza n'kukwera, cha olemba masamu n'kutsika. Mu 2025 a Gwarube adauza nyumba ya malamulo kuti sukulu za boma 464 m'dzikolo siziphunzitsa n'komwe masamu enieni, ndipo 61 mwa izo zili ku Western Cape.

Inu makolo a ku Malawi amene mukulera ana ku Cape Town, musadikire pepala la Giredi 9. Madzulo ano mufunseni mwana wanu wa Giredi 4 kuti 52 kuchotsera 38 kutsala zingati, ndipo muone mmene akuwerengera. Akajambula timizere kapena akati 26, mufotokozereni m'Chichewa ndi makobidi ali m'thumba mwanumo, kenako mupite kwa aphunzitsi ake sabata yomweyi. Ngati mukulipira patitaimu, mufunseni wophunzitsayo ngati adamuyesa mwanayo asanayambe, ndi giredi imene adamupeza atasokera.