Nyumba ya Alendo Osauka ya mu Paris Yapitirira Zaka 600

Mumzinda wa Paris, likulu la dziko la France, muli kamsewu kopapatiza kochedwa rue de Montmorency. Pa nambala 51 ya kamsewu kameneka paimirira nyumba yamiyala imene akatswiri a mbiri amati ndiyo yakale koposa mwa nyumba zonse za mumzindawo zimene caka cake cimadziwika. Inamangidwa m'caka ca 1407.

Mwini wake anali Nicolas Flamel, mlembi ndiponso wogulitsa mabuku. Masiku amenewo makina osindikizira kunalibe, kotero buku liri lonse linali kulembedwa pamanja, ndipo munthu wodziwa colembera anali kupeza bwino. Mkazi wake, Pernelle, anabwera ku ukwati ndi cuma cimene amuna ake awiri oyamba anamsiyira pomwalira. Flamel ndi Pernelle analibe mwana. Mkaziyo atamwalira m'caka ca 1397, Flamel anapitiriza kumanga nyumba zothandiza amphawi, ndipo iyi ndiyo yatsala. Iye mwini sanagonemo.

Makonzedwe a nyumbayi anali anzeru. Zipinda za pansi zinali za malonda, pamene za pamwamba munali kugona anchito osauka, amuna ndi akazi. Malipiro ao analembedwa pamwala, pamwamba pa zitseko, m'Cifalansa cakale: munthu ali yense wogona m'nyumbamo ayenera kunena tsiku ndi tsiku pemphero la Atate Athu limodzi ndi la Tikuoneni Maria limodzi, kupempherera ocimwa amene anamwalira. Mau amenewo akali kuwerengeka kufikira lero. Nthawi imeneyo France anali pa nkhondo yaitali ndi England, ndipo kwa munthu wopanda cuma, denga la miyala silinali kanthu kakang'ono.

Kutsogolo kwa nyumbayi kuli zitseko zitatu. Pa nsanamira zake amisiri anasemapo zithunzi za anthu, angelo oimba ndi zoimbira, ndiponso zilembo N ndi F, zoyamba za maina a mwini wake. Mvula ndi utsi wa zaka mazana asanu ndi limodzi zafafaniza nkhope zina, koma wopenyetsetsa amazionabe. Cipupa cacikulu cosongoka ca pamwamba, cimene cinapatsa nyumbayi dzina lakuti Grand Pignon, cinagwetsedwa kale. Boma la France linaika nyumbayi pa mndandanda wa zomanga zotetezedwa m'caka ca 1911.

Kwa zaka zambiri ulemu wa nyumba yakale koposa unali kupatsidwa kwa ina ya mu rue Volta, kufikira m'caka ca 1979 pamene zinadziwika kuti imeneyo ndi ya m'zaka za m'ma 1600 cabe.

Flamel anamwalira m'caka ca 1418. Patapita zaka ngati mazana awiri, kunabuka mphekesera yakuti anali kudziwa kusandutsa zitsulo kukhala golide, ndi kuti sanafe konse. Umboni wake palibe; mwala wa pamanda ake umasungidwa m'nyumba ya zinthu zakale ya Cluny. Komabe mphekesera ndiyo imakopa alendo ambiri koposa cifundo cake.

Lero pansi pa nyumbayi pali malo odyera ochedwa Auberge Nicolas Flamel, ndipo mtengo wa cakudya cake ngwa anthu a ndalama. Olowamo amadutsa pansi pa mau aja onena za anchito osauka.