Chivindikiro cha radiyeta chikamadontha, injini ya njinga ili pangozi

BLANTYRE: Njinga zamoto zambiri za kabaza ku Ndirande ndi Bangwe zimazizira ndi mphepo, koma zina zili ndi radiyeta. Pa njinga zotere, chivindikiro chimatsekera mphamvu ya pafupifupi 1.1 bar kuti madzi asawire msanga injini ikatentha.

Madzi akamatulukira pa chivindikiro, kawirikawiri labala wake watha, sipuling'i yafooka, kapena pakamwa pa radiyeta pali litsiro. Woyendetsa adikire injini izizire, apukute pakamwapo, ndipo labala akang'ambika agule chivindikiro cha nambala yofanana.

Koma madzi akamachita thovu injini ikulira, vuto lingakhale gasiketi ya hedi. Zikatero njinga ipite kwa makaniko isanakwere zitunda za ku Chilomoni, chifukwa injini ikapsa, ofesi imalipira ndalama zambiri kuposa mtengo wa chivindikiro.