Kodi mumadziwa kuti mmodzi mwa ofufuza oyamba a vairasi ya pa kompyuta analetsedwa kupitiriza ntchito yake?

Mu 1983, Fred Cohen, wophunzira pa University of Southern California ku America, analemba kapulogalamu kodzichulukitsa kokha n'kumalowerera m'mapulogalamu ena. Pokayesa, kanalanda ulamuliro wa kompyuta yonse ola limodzi lisanakwane. Mphunzitsi wake, Leonard Adleman, ndiye anakapatsa dzina loti vairasi.

Oyang'anira makompyuta ataona zimenezi anagwidwa mantha, ndipo anakana kuti kafukufukuyo apitirire pa makina awo. Cohen anadandaula kuti kuletsa ofufuza sikutseka mpata umene wakuba angalowerepo.

Sipanapite nthawi. Mu 1986 vairasi yotchedwa Brain, yolembedwa ndi abale awiri, Basit ndi Amjad Farooq Alvi a ku Lahore ku Pakistan, inafalikira m'maiko ambiri kudzera pa madisiki opatsirana pamanja.

Njira yomweyo ikadalipo. Fulashi imene yazungulira m'malo osindikizira mapepala kwa Malemia kapena pakati pa ophunzira a ku Domasi College of Education ingathe kudwalitsa kompyuta imene sinalumikizidwepo pa intaneti.

Ku Malawi, lamulo la 2016 loona za chitetezo cha pa intaneti limaletsa kufalitsa vairasi mwadala. Mu February 2024, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti asokoneza makina osindikizira mapasipoti. Dziko lathu likufunika achinyamata ambiri ophunzira bwino za chitetezo cha makompyuta.