Ndege yokalamba isanduka tebulo

Ndege nayonso imakalamba. Ikauluka zaka 25 kapena 30, imaleka kunyamula anthu. Kodi imatayidwa kudzala? Iyayi.

Ku Teruel, m'dziko la Espanha, kuli bwalo lalikulu losungirako ndege. Linatsegulidwa m'caka ca 2013. Kumeneko mvula ndi yocepa, conco ndege sizionongeka msanga. Zina zimadzaulukanso. Zina amaziphwasula.

Thupi la ndege zambiri ndi la aluminiyamu, ngati poto wa amayi. Aluminiyamu ndi wopepuka. Sacita dzimbiri ngati khasu. Zidutswa zambiri amazisungunula, koma zokongola amazigula amisiri.

Mmisiri amadula phiko la ndege. Amapala utoto wakale. Amalipukuta mpaka liwale ngati kalilole. Kenaka amaikako miyendo. Taonani, tebulo latha! Timisomali ta phikolo timaonekabe, tili pamzere ngati nyerere.

Mipando ya apaulendo imalowa m'nyumba za anthu. Kangolo kogawira cakudya m'ndege kamasanduka kabati ya mbale, ndipo kamayendabe ndi mawilo ake.

Koma tebulo la phiko ndi lodula zedi. Ndalama zake munthu angagule nazo njinga zambiri.