Ndani amamanga lamba wa buluu m'chiuno mwa wophunzira jiu-jitsu?

Achinyamata a ku Senga Bay ndi pa boma la Salima amene amaonera ndewu za UFC pa foni adadziwa kale kuti munthu wochepa thupi angathe kugonjetsa chimphona popanda kudalira zibakera. Royce Gracie ndiye adaonetsa dziko zimenezi mu Novembala 1993 ku Denver, pomwe adagonjetsa amuna atatu usiku umodzi powagwetsa pansi ndi kuwapana mpaka atavomera okha kuti zawakanika. Luso lakelo ndi Brazilian jiu-jitsu. Mmene wophunzira amachokera pa lamba woyera kukafika pa wa buluu ndiye nkhani imene mavidiyowo sanena. M'masukulu ambiri a masewerawa mulibe mayeso olemba kapena tsiku loikika lokwezera anthu: mphunzitsi amayang'ana wophunzira kwa miyezi yambiri, kenaka tsiku lina n'kumuitana kutsogolo kuti amumange lamba watsopano. Kwa ife amene tidazolowera kuti kukwera kumadzera ku MANEB, pa pepala lokhala ndi nambala osati dzina, izi zimanunkha kukondera. Maganizo anga ndi akuti njirayi ndi yoyenera masewerawa, ndipo imaonongeka pokhapokha ophunzira akasiya kufunsa kuti woweruzayo mphamvu adazitenga kuti.

Malamba a akuluakulu ndi asanu: woyera, wa buluu, wa pepo, wa bulawuni ndi wakuda. Mwambo wosanja ophunzira m'magawo udachokera ku judo ya Kano Jigoro, yemwe adatsegula Kodokan ku Tokyo mu 1882. Wophunzira wa kumeneko, Mitsuyo Maeda, adafika ku Brazil mu 1914, ndipo kudzera mwa Carlos Gracie ndi mng'ono wake Hélio masewerawo adakula mwanjira yawoyawo, yolimbira kwambiri kulimbana kwa pansi. Lero bungwe lalikulu loika malamulo ndi IBJJF, lomwe adayambitsa Carlos Gracie Jr. Bungweli limati lamba wa buluu sapatsidwa kwa munthu wosakwana zaka 16. Ana ali ndi malamba awoawo, otuwa, achikasu, a olenji ndi obiriwira. Kunsonga kwa lamba kumakhala kachigamba kakuda, ndipo pamenepo mphunzitsi amamatapo timizere ta tepi yoyera, kamodzikamodzi mpaka tinayi, posonyeza kuti wophunzira akusendera. Ambiri amene amabwera kawiri kapena katatu pa sabata amatha chaka chimodzi kapena ziwiri pa lamba woyera, ena kuposera apo, ndipo lamba wakuda amatenga zaka pafupifupi khumi.

Kodi mphunzitsi amayang'ana chiyani nthawi yonseyi? Kwenikweni amafuna kuona ngati wophunzira angapulumuke. Munthu wa lamba woyera amatha miyezi yoyamba ali pansi pa anzake, akupsinjidwa pachifuwa, akuphunzira kupuma modekha ndi kusatambasula mkono pomwe ungakodwe. Amaphunzira kutuluka wina akamukhala pamimba kapena akamugwira kumsana, kugwiritsa miyendo ngati mpanda pa kakhalidwe kamene amati guard, kutembenuza mnzake kuchokera pansi, kudutsa miyendo ya mnzakeyo, ndi njira zingapo zomalizira monga kupana khosi ndi kukola chigongono. Amaphunziranso kugogoda, kumenya mnzake kapena pansi ndi dzanja posonyeza kugonja, ndi kusiya nthawi yomweyo mnzake akagogoda. Wophunzira amene amapweteka anzake, ngakhale akhale wamphamvu bwanji, aphunzitsi ambiri amamuchedwetsa dala, ndipo amachita bwino.

Chifukwa chimene mayeso a tsiku limodzi sakwanira chili m'kachitidwe ka phunziro lenilenilo. Pafupifupi tsiku lililonse ophunzira amalimbana zenizeni, wina akukana ndi mphamvu zake zonse, choncho mayeso amachitika kambirimbiri pamaso pa gulu lonse. Munthu angathe kuloweza kakoledwe ka mkono n'kukaonetsa bwinobwino pa mnzake amene wangogona phee, koma n'kulephera kotheratu pa msodzi wa zaka 20 amene wakhala akukoka chilimira usiku ndi usiku ndipo sakufuna kukodwa. Kunyanja kuno nkhaniyi si yachilendo: siginala wotsogolera bwato ku usipa salembetsa mayeso, amadziwika ndi nsomba zimene zimafika kumtunda, ndipo alovi onse amadziwa ngati udindowo ukumuyenera. Lamba wosayenera amaululika chimodzimodzi, pakuti wovalayo amalimbana ndi a malamba oyera mawa lake lomwe.

Wina anganene kuti ndikukometsa zinthu, poti pomwe munthu mmodzi ali ndi mphamvu yokweza ndi kuchedwetsa, ndalama ndi ubale zimalowerera. Izi n'zoona, ndipo zimachitika mbali ziwiri. Alipo aphunzitsi amene amagawa malamba msanga kuti olipira asathawe, ena mpaka kulipiritsa mwambo wokwezera. Aliponso amene amasunga katswiri pa lamba woyera nthawi yaitali kuti azikolola mamendulo pakati pa ongoyamba kumene. Masukulu ena adayankha dandauloli polemba silabasi. Gracie University ya Ryron ndi Rener Gracie ku Torrance, California, ili ndi njira 36 zimene wongoyamba amayesedwa nazo. Silabasi yotere imathandiza wophunzira kudziwa pomwe ali, ndipo mphunzitsi aliyense akadayenera kunena poyera zimene amayembekezera. Koma pepala silichotsa woweruza, chifukwa pamapeto pake munthu ndiye amaona ngati njirayo yagwira. Chimene chimamanga manja a mphunzitsi wokondera ndi mpikisano. Kumeneko anthu amagawidwa potengera lamba, msinkhu ndi kulemera, ndipo mapointi ndi odziwika: 2 pogwetsa kapena potembenuza, 3 podutsa guard, 4 pokhala pamimba kapena pogwira kumsana. Sukulu imene a malamba a buluu ake amangogonja paliponse imataya mbiri, ndipo imene wa lamba woyera wake amasesa mipikisano chaka ndi chaka imayamba kulozedwa zala.

Apa m'pamene nkhaniyi imavutira ku malo ngati Salima. Mpanda wa mpikisano umagwira ntchito pomwe pali masukulu ambiri oyandikana, pamene gulu la m'mbali mwa nyanja lingathe kukhala lokhalokha, ulendo wa ku Lilongwe wa makilomita pafupifupi 100 uli wofuna ndalama ya minibasi, ndipo mipikisano ikuluikulu ili kutali ku South Africa kapena ku Abu Dhabi. Pamalo otere munthu angagule lamba wa mtundu uliwonse pamodzi ndi gi, chovala cholimba cha masewerawa, n'kudzitcha mphunzitsi ataonera YouTube miyezi itatu. Chitetezo chotsala ndi mzere wa aphunzitsi. Lamba aliyense woona ali ndi dzina la amene adampereka, ndipo woperekayo alinso ndi womupatsa wake. Si mwano kufunsa kuti, aphunzitsi, lamba wanuyu adakumangani ndani, liti, ndipo kuti? Woona amayankha mosavuta, ndipo yankho lake lingatsimikizidwe polembera sukulu imene watchulayo. Malamulo a IBJJF adaganiziranso madera osowa a malamba akuda: kumeneko wa lamba wa pepo angaloledwe kukweza wophunzira kufika pa buluu, wa bulawuni kufika pa pepo, koma osapitirira. Choncho gulu lotsogozedwa ndi wa lamba wa buluu lingathe kuphunzira bwino ndithu, koma kukwezedwa kuyenera kudikira mphunzitsi wamkulu amene gululo lili pansi pake, adzabwere adzalimbane ndi ophunzirawo yekha. Gulu lofuna kukhazikika lichitenso bwino kudziwika ku Malawi National Council of Sports ndi kuyandikira a judo, amene ali ndi bungwe lawo m'dziko muno ndipo kagwedwe kosavulaza amakadziwa bwino.

Palinso dandaulo lakuti kudikira zaka ziwiri popanda tsiku lodziwika kumafooketsa, makamaka kwa mnyamata amene nthawi yake amagawana ndi nyanja, dimba kapena kabaza. Timizere ta tepi tija ntchito yake ndi yomweyi, ndipo wophunzira ali ndi ufulu wofunsa chimene chikumusowa, ngakhale kuti kupempha lamba weniweniyo kumatengedwa ngati kusadziwa mwambo. Chimene sayenera kuchilola ndi chizolowezi cha masukulu ena chokwapula wokwezedwayo ndi malamba pa tsiku la mwambo. Palibe lamulo lofuna zimenezo, masukulu ambiri adazisiya, ndipo wokana sataya lamba wake.

Tsiku lomangidwa lamba wa buluu limabweretsa katundu wowonjezera. Pa mpikisano wa IBJJF nthawi yolimbana imakwera kuchoka pa mphindi 5 kufika pa 6, kukola dzanja pamfundo kumaloledwa, ndipo a malamba oyera onse m'gulumo amayamba kumulimbira wokwezedwayo kuti adziyese. Pa malamulo a IBJJF, wamkulu ayenera kukhala pa lambayu zaka zosachepera ziwiri asanalandire wa pepo, kenaka chaka ndi theka pa pepo ndi chaka chimodzi pa bulawuni, kupatula ochepa monga opambana mpikisano wa dziko lonse. Aphunzitsi ambiri amadandaula kuti pa buluu pomwepa m'pamene ophunzira ochuluka amasiyira.