Kampata kochepa ngati pepala kadatsala pang'ono kulanda mwana lipenga

Pasukulu ya sekondale yoyendera pomwe ndimaphunzitsa Physics, kuno kumunsi kwa phiri la Michesi m'boma la Phalombe, tidalandira mphatso yomwe idatsala pang'ono kuliza mwana. Mnyamata wina yemwe adaphunzira pano kale, ndipo tsopano akugwira ntchito ku Johannesburg, adatitumizira lipenga la sakisofoni la mtundu wa alto, logwiritsidwapo kale ntchito, kuti lithandize kalabu yathu ya zoimbaimba. Tsiku lomwe lidafika, ana adaunjikana ngati kwabwera nduna.

Mtsikana wa Fomu 2 yemwe amatsogolera kwaya ndiye adasankhidwa kuti ayambe kuliphunzira. Sabata zitatu zidatha akuuzira mpaka maso kufiira, koma lipenga limangolira ngati mbuzi yokodwa ndi chingwe. Anzake adayamba kumuseka kuti ali ndi chifuwa chochepa, ena nkumati lipenga n'lachimuna. Tsiku lina adandipeza pakhonde n'kunena motsitsa mawu: "Aphunzitsi, mupatse wina. Ine ndalephera."

Chifuwa chake chidalibe vuto. Vuto lidali pakampata kakang'ono komwe ambiri aife sitidziwa n'komwe kuti kalipo.

Sakisofoni, yomwe Adolphe Sax wa ku Belgium adailembetsa m'chaka cha 1846, imaoneka yachitsulo koma mawu ake amayambira pabango. Kumtunda kwake kuli cholumira chomwe oimba amachitcha mouthpiece. Pansi pa cholumiracho amamangirirapo kabango kosema kopyapyala, komwe amati reed. Pakati pa nsonga ya kabango ndi nsonga ya cholumira pamatsala mpata. Munthu akauzira, kabango kamanjenjemera, kutseka ndi kutsekula mpatawo kambirimbiri pasekondi imodzi, ndipo kunjenjemerako ndiye mawu omwe timamva.

Mpata ukakhala waukulu, kabango kamayenda mtunda wautali kuti katseke. Pamafunika mpweya wambiri ndi milomo yokhwima, koma mawu amatuluka aakulu ndipo woimba amatha kuwapinda momwe akufunira. N'chifukwa chake oimba jazi ambiri amakonda mpata waukulu. Mpata ukakhala waung'ono, lipenga limalira msanga ndipo mawu sasokonekera wamba, kungoti ukauzira mwamphamvu kwambiri kabango kamamatirira, mawu n'kutsamwa.

Opanga zolumira amalemba nambala yosonyeza kukula kwa mpatawu. Kampani ya Yamaha, mwachitsanzo, ili ndi 4C ya alto yomwe mpata wake ndi mamilimita 1.6, kenako 5C ya 1.7, 6C ya 1.8 ndi 7C ya 1.9. Kusiyana kwa nambala ina ndi inzake ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Kuti mumvetse kuchepa kwake, tengani mtokoma wa mapepala 500 olembapo mayeso muuyeze ndi lula. Mupeza masentimita pafupifupi 5, kutanthauza kuti pepala limodzi ndi 0.1 ya milimita. Choncho 4C ndi 5C zimasiyana ndi pepala limodzi basi.

Nzeru ya mapepalayi ndiyo idatithandiza. Cholumira chomwe chidabwera ndi lipenga lathu chidali chachitsulo, chonyezimira, nambala yake itafufutika. Ine ndi ana a Fomu 3 tidadula timapepala n'kumatilowetsa kunsonga mpaka mpata utadzaza. Tidalowa timapepala 23. Kuyeza kotere sikolondola kwenikweni, komabe kudationetsa kuti mwana woyamba kumene tidampatsa mpata woposa wa 4C ndi mapepala asanu ndi awiri. Kuwonjezera apo, mabango omwe adali m'bokosi adali a nambala 3.5, olimba kwambiri. Zidali ngati kumpatsa mwana wa Sitandade 1 khasu la abambo ake, kenako n'kumunena ulesi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Titadziwa izi, kalabu idagwirizana zogula cholumira china ndi ndalama zomwe ana adapeza atagulitsa nandolo wa m'munda wa sukulu. Apa mpomwe padabuka mkangano. Mwini mphatso adatumiza uthenga pa WhatsApp kuti tigule 5C chifukwa 4C ndi ya ana. Mnzanga wina wophunzitsa Chingerezi, yemwe adawerenga zambiri pa intaneti usiku umodzi, adati 6C ndiyo ili ndi mawu okoma. Wina adati tigule ziwiri kuti tisadandaule. Koma thumba lathu lidali la chimodzi chokha, ndipo zinthuzi pa Migowi kapena pa Chiringa simungazipeze. Mpaka uitanitse ku Blantyre, mwinanso kunja.

M'malo mokangana, ndidapita ku Limbe kwa bambo wina woimba m'bandi ya tchalitchi, yemwe adandibwereka 4C ndi 5C kwa sabata ziwiri, n'kundipatsanso mabango a nambala 2 ndi 2.5. Tsiku loyamba lomwelo, mtsikana uja atamangirira bango la nambala 2 pa 4C, lipenga lidalankhula. Adalichotsa pakamwa, kuliyang'ana, n'kuyamba kuseka yekha. Omwe ankamunena aja adangoti zii.

Patatha masiku khumi tidachita mayeso. Iye adaima kuseri kwa chitseko n'kumaimba nyimbo imodzimodzi, ine ndikusintha zolumira osauza kalasi. Ana amalemba papepala chomwe akuganiza kuti chalira. Mayankho awo adali ngati a munthu woponya ndalama m'mwamba, pena kulondola pena kuphonya. Mphunzitsi wa Chingerezi uja naye adaphonya. Woimbayo adati 5C imafuna mpweya wochulukirapo pang'ono, koma pakatha mphindi zochepa amaiwala kuti wasintha. Chomwe adachimva msanga pakamwa ndi pamene ndidasintha bango kuchoka pa 2 kupita pa 2.5.

Kodi tsono kusiyana kwakung'onoku kuli ndi ntchito? Yankho langa lili pawiri. Kusiyana kwa mapepala asanu ndi awiri kungathe kumlanda mwana lipenga. Kusiyana kwa pepala limodzi woimba wozolowera amakumva pamilomo, koma omvera sakumva, ndipo kumatha ndi kungosintha bango. Lamulo lake n'losavuta: mpata waukulu umayenda ndi bango lofewa, mpata waung'ono umayenda ndi bango lolimbirapo. Ziwirizi zimagwira ntchito ngati mwamuna ndi mkazi pamunda. Sungayamikire mmodzi osayang'ana mnzake.

Palinso msampha wina womwe ogula ayenera kuudziwa. Nambala za kampani ina sizifanana ndi za kampani inzake. Opanga a ku America amayeza m'magawo a inchi. Otto Link 7* ya sakisofoni ya tenor ili ndi mpata wa 0.105 ya inchi, womwe ndi mamilimita pafupifupi 2.7, kutali kwambiri ndi 7C ya alto yomwe ndatchula ija. Ngakhale kwa Yamaha komweko, 4C ya tenor ndi mamilimita 1.7 pomwe ya alto ndi 1.6. Munthu wongomva kuti "gula seveni" osafunsa kuti ya ndani komanso ya lipenga liti, angathe kutaya ndalama zake padzala.

Komanso mpata si wokhawo womwe umaumba mawu. Kutalika kwa malo omwe kabango kamayambira kupatukana ndi cholumira, kukula kwa chipinda cha m'kati, ndi kutsetsereka kwa denga lake pafupi ndi nsonga, zonsezi zimasintha kamvekedwe. Zolumira ziwiri za mpata wofanana zingathe kulira mosiyana ngati tambala ndi nkhanga.

Kwathu kuno, chomwe chimavuta kwambiri ndi bango lenilenilo. Mabango a fakitale amasemedwa kuchokera ku mtundu wa bango wotchedwa Arundo donax, womwe umalimidwa kwambiri kum'mwera kwa France. Ana anga adayesa kusema bango la kumadambo a nyanja ya Chilwa ndi lezala. Lidaliradi pang'ono, koma n'lopyapyala khungu ndipo lidang'ambika tsiku lomwelo. Kutentha kwa mwezi wa Okutobala nako kumapinditsa bango likasiyidwa lonyowa pacholumira, ndipo likapindika mpweya umathawira m'mbali. Pamenepo ngakhale mutakhala ndi nambala yabwino chotani, lipenga lidzalira ngati khoswe. Ife tsopano timalichotsa tikatha kuimba, kulipukuta, n'kuligoneka pakagalasi kosalala.

Mbiri ya oimba nayo ikutiuza kuti mawu amakhala mwa munthu. Charlie Parker, katswiri wa jazi wa ku America, adaimba ku Massey Hall mumzinda wa Toronto m'chaka cha 1953 ndi sakisofoni yapulasitiki, ndipo anthu akumverabe nyimbo za usiku umenewo mpaka lero. Kuno kwathu, malemu Donald Kachamba a ku Chileka adafika mpaka ku Ulaya ndi kachitoliro ka kwela kotsika mtengo. Chinsinsi chawo chidali kagwiridwe ka pakamwa, polowetsa mutu wa chitolirocho m'kati kuti mawu anenepe. Luso lotere limabwera ndi kuuzira tsiku ndi tsiku.

Mapeto ake tidagula 4C, ndipo ndalama zotsala tidagulira bokosi la mabango a nambala 2. Cholumira chachitsulo chija tachikulunga m'kansalu, chili m'kabati ya ahedi. Mwina mwana wina akadzakhwima milomo adzachifuna.

Kwa aphunzitsi anzanga, atsogoleri a makwaya ndi makolo omwe mwalandira lipenga kuchokera kwa abale a ku Joni, pempho langa ndi ili: mwana akamalephera kuliliza, musathamangire kunena chifuwa chake. Yambani mwayang'ana mpata ndi bango, pakuti m'mera mpoyamba. Koma akayamba kuimba bwino, musamuzunguze mutu ndi nkhani ya pepala limodzi. Mpatseni mthunzi wa mtengo ndi theka la ola tsiku lililonse.

Mtsikana uja tsopano ali Fomu 3. Lolemba lililonse m'mawa ndiye amatsogolera nyimbo ya fuko pamzere, ndipo akuphunzitsa anyamata awiri mwa omwe ankamuseka aja.